Mwapeza ntchito kwa owongola msana ku Oregon: chiphasocho n'chachiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Portland, m'chigawo cha Oregon ku America. Mwachidule akuti: "Ndapeza ntchito yothandizira pa kiliniki ya chiropractor, aja owongola msana. Akuti ndisanayambe kugwira odwala ndipeze kaye chiphaso cha boma. Koma msuweni wanga akugwira ntchito yomweyi m'chigawo china popanda pepala lililonse. Ndamvanso kuti malamulo ake amasinthasintha. Kodi sakungofuna kundidyera ndalama? Kumudzi ndinagwirapo m'chipatala zaka 6."

Achemwali, palibe akukudyerani. Abwana anuwo anena zoona, ndipo msuweni wanu naye mwina sakulakwira lamulo lililonse. Ku America ziphaso za ntchito zachipatala sizichokera ku boma lalikulu la dziko lonse ku Washington. Chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo komanso bungwe lake loyang'anira ntchitoyi. Oregon imafuna kuti wothandizira amene akhudze wodwala akhale ndi chiphaso cha Oregon Board of Chiropractic Examiners. Tennessee, Maryland ndi Nevada nazonso zili ndi ziphaso za othandizira, chilichonse ndi dzina lake. M'zigawo zina zambiri wothandizira amangophunzitsidwa ndi abwana ake pantchito pomwepo, ndipo akalakwitsa mlandu umagwera mwini kiliniki.

Kuti mumvetse chifukwa chake anthu a ntchitoyi sachita nazo masewera nkhani za ziphaso, dziwani kumene anachokera. Anaiyambitsa ndi Daniel David Palmer mu 1895 ku Davenport, m'chigawo cha Iowa. Iye ankati anadina msana wa Harvey Lillard, bambo wosamalira nyumba imene munali ofesi yake, ndipo bamboyo anayambanso kumva bwino. Palmer sanali dokotala wa mankhwala. Mu 1906 anamutsekera m'ndende chifukwa chochiza anthu popanda laisensi, ndipo ambiri omutsatira anakumana ndi zomwezo. Kansas ndiyo inayamba kukhazikitsa lamulo lowavomereza mu 1913, pomwe Louisiana inatsekera mzere mu 1974. Zaka 61 akumenyera pepala limeneli, chigawo ndi chigawo. Lero chiropractor amayamba waphunzira ku yunivesite zaka zosachepera 3, kenako zina pafupifupi 4 pa sukulu ya ntchitoyi, monga University of Western States ya mu Portland momwemo, n'kukhoza mayeso a magawo 4 a National Board of Chiropractic Examiners.

Anu maphunziro ndi afupi, amawerengedwa m'maola osati m'zaka. Pali mayeso, ndipo chiphasocho mumachikonzanso nthawi yake ikakwana mutaonjezera maphunziro pang'ono. Chachikulu chimene pepalalo likuchita ndi kukulemberani malire. Mutha kulandira wodwala, kumuyeza BP, kumuika zotenthetsera kapena zoziziritsira pamsana, kumumata tizingwe ta magetsi tofewetsa minofu, kumuonetsa mafizo amene adokotala alamula. Simungamuuze kuti akudwala chiyani. Simungasinthe chithandizo chimene alemberedwa. Ndipo koposa zonse simungamuwongole msana kapena khosi, ngakhale mutaonerera kambirimbiri mpaka manja akuyabwa.

Malirewa ndinawaona ndi maso. Chaka china msana unandigwira nditanyamula katoni ya mabuku, moti kuvala nsapato kunali nkhondo. Ku kiliniki anandigoneka chafufumimba pa kabedi kopapatiza kokhala ndi mpata woikapo nkhope. Mtsikana wothandizira anandiyala thaulo lofunda pamsana n'kutchera wotchi yake. Kuseri kwa katani kunali bambo wina amene anatopa kudikira adokotala. Ndinamumva akunyengerera mtsikanayo: "Inu mumaona tsiku lililonse mmene amachitira, tangondipotokolani khosili ndizipita, ndachedwa kuntchito." Mtsikanayo anayankha mofatsa kuti zimenezo si za manja ake, ndipo ngati akufulumira amulembere tsiku lina. Bamboyo anatuluka akung'ung'udza. Ine pansi pa thaulo paja mtima unakhala m'malo, ndinadziwa kuti ndafika pamalo poyenera.

Khosi si malo oyeserapo. M'mafupa ake mumadutsa mitsempha yopititsa magazi ku ubongo, ndipo alipo anthu amene mtsempha wotere unang'ambika mkati atapotokoledwa khosi, n'kudwala sitiroko. Sizichitika kawirikawiri, koma amene zamugwera moyo wake umasinthiratu. Palinso okalamba a mafupa ofooka, ndi ena amene kupweteka kwa msana kwawo kukuchokera ku khansa kapena TB ya m'mafupa. Inu amene munagwira m'chipatala kumudzi TB ya msana mukuidziwa, mwaonapo mmene imapindira munthu. Kuzindikira kuti uyu asadinidwe koma apite kukaunikidwa ndi nzeru ya zaka 7 zija za maphunziro a chiropractor, si ya maola ochepa.

Ndikuuzeninso maganizo anga pa ntchito imene mukulowayi. Pa kupweteka kwa msana wa m'munsi, kuwongola kumathandiza anthu ena, ndipo mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians linakuika m'gulu la njira zoyesa munthu asanathamangire mankhwala. Kulira kuja kumamveka akamadina, kuti thwa, si fupa likubwerera m'malo mwake, ndi mpweya wa m'madzi a m'mfundo, monga zimalirira zala tikamazikoka. Koma mukamva pakiliniki akuuza anthu kuti kuwongola msana kumachiza shuga, mphumu kapena kuti kumalowa m'malo mwa katemera wa ana, mawu amenewo asatuluke pakamwa panu. Umboni wake palibe. Ndipo anthu a kwathu akamva mnzawo wovala yunifomu akulankhula, amakhulupirira msanga.

Za kusinthasintha kwa malamulo mwamva bwino. Zimayenda chonchi: aphungu ku Salem, likulu la Oregon, amakambirana bilu, ikadutsa m'nyumba zonse ziwiri bwanamkubwa amasaina, ndipo imalowa m'malamulo a chigawo. Malamulo a chiropractor ali pa mutu 684 wa Oregon Revised Statutes, buku la malamulo a chigawochi. Kenako bungwe lopereka ziphaso lija limalemba tsatanetsatane wake, monga maola a maphunziro, ndalama zolipira ndi ntchito zololedwa, ndipo lisanakhazikitse limapereka mpata woti anthu anenepo maganizo. Tsatanetsataneyu ndi amene amasintha pafupipafupi, n'chifukwa chake sindikukulemberani mitengo pano. Tsegulani tsamba la bungwelo pa intaneti muwerenge nokha zimene zilipo chaka chino. Musadalire zimene mnzanu wa pakiliniki anachita zaka zapitazo, ngakhale zimene abwana akukumbukira.

Zaka zanu 6 zija sizilowa m'malo mwa chiphaso cha Oregon, ndipo ndikudziwa kuti zimapweteka kuyambiranso pansi utatumikirapo odwala enieni usiku ndi usana. Koma sizinatayike. Mayesowo mukawapeza opepuka, ndipo nkhope ya munthu amene watsala pang'ono kukomoka mudzaizindikira anzanu asanaione. Chiphasocho ndi chanu, cha dzina lanu, ndipo chimakupatsani poimira tsiku limene wina adzakutumani chinthu chosaloledwa kiliniki itadzaza. Kwa ife obwera, mlandu wochiza popanda chilolezo ndi katundu wolemera kuposa mmene ungamulemerere mwini dziko.

Musanasaine kalata ya ntchito, afunseni abwanawo ngati alipire ndi iwo maphunziro ndi mayeso, ndiponso ntchito zimene muzigwira podikira chiphaso. Zikhale za patebulo lolandirira alendo, foni ndi mafayilo, osati zogwira odwala. Apempheni kuti yankho lake akulembereni pa imelo. Msuweni wanuyo mumuuzenso kuti akadzafuna kusamukira ku Oregon adzayambira pomwe mukuyambira inupa.