Mtende wamwamuna ndi wamkazi: zimene DNA imaulula mbande ikadali yaing'ono

Bambo wina wa ku Mangochi wanditumizira imelo. Akuti Ramadan itatha anadzala njere za tende amene ankadya pomasula kusala, ndipo zamera. Mnzake wawauza kuti ina mwa mitengoyo sidzabereka, koma kuti ku Arabia akatswiri amayeza tsamba n'kudziwiratu. Akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati kumeneko sikusintha chilengedwe cha mbewu monga GMO.

Bambo, mnzanuyo sananame. Mtende uli ngati papaya: pali wamwamuna wopereka mungu, pali wamkazi wobereka. Kungoti papaya amadziulula m'miyezi yochepa, pamene mtende wochokera ku njere umatha zaka 5 mpaka 8 usanachite maluwa. Pafupifupi theka la mbande zimakhala zazimuna, chonsecho wamwamuna mmodzi amakwanira akazi pafupifupi 50 mlimi akamathira mungu ndi manja. Tangoganizani madzi a m'chipululu amene amathera pa mitengo yodzaidula.

N'chifukwa chake alimi a kumeneko sadzala njere. Amazula ana omera m'tsinde mwa mtengo wamkazi wodziwika bwino. Zimathandiza, koma mtundu watsopano sungatuluke mwa njira imeneyi, ndipo matenda akagwira umodzi amapeza yonse ili yofanana. Ku Morocco matenda a bayoud, obwera ndi kachilombo ka m'nthaka kotchedwa Fusarium, anapha mitende yoposa 10 miliyoni, ndipo mtundu wotchuka wa tende wotchedwa Medjool ndi umodzi mwa imene inavulala kwambiri.

Wofuna mtundu wopirira ayenera kukwatitsa mitengo n'kudikira. Ku Indio, m'chigawo cha California, akatswiri a boma la America anayamba ntchito yokwatitsa mitende mu 1948, koma m'badwo uliwonse wa mtengo unkawadyera zaka zambiri. Apa ndi pamene chizindikiro cha mu DNA chimapindulira. DNA ndi malangizo a chibadwa amene ali m'chamoyo chilichonse, ndipo chizindikirocho ndi kachigawo kake kamene kamayenda limodzi ndi khalidwe linalake kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Amabudula katsamba, n'kukayang'ana ku labotale ngati kachigawoko kalipo. Palibe chimene amaikamo mumtengo. Amangowerenga zimene unabadwa nazo, ndiye si GMO ayi.

Mu 2011 gulu la Joel Malek ku Weill Cornell Medical College ya ku Qatar linawerenga DNA ya mtundu wa Khalas, n'kuiyerekeza ndi ya mitengo ina, kuphatikizapo yaimuna ya ku California ija, ndipo linapeza dera losiyanitsa wamwamuna ndi wamkazi. Mu 2018 anasonyeza tizigawo tinayi topezeka mwa amuna okha m'banja lonse la mtende lotchedwa Phoenix, mmene mulinso kanjedza wathu wa m'madambo. Ku New York University Abu Dhabi, gulu la Michael Purugganan linayeza mitundu 62 mu 2015 n'kupeza kachigawo kochititsa kuti tende akhale wofiira kapena wachikasu.

Mbewu zina zinapita kale patsogolo. Mpunga wa Swarna-Sub1, umene India inatulutsa mu 2009, umapirira kumira m'madzi kwa masabata awiri, ndipo anaupanga potsatira chizindikiro chotere. Chimanga cha olenji chokhala ndi vitamini A, chimene Zambia inayamba kutulutsa mu 2012, nachonso akatswiri amasankha makolo ake mothandizidwa ndi zizindikiro.

Chimene sindifuna n'choti tizitamande mopitirira. Chizindikiro chimalondola bwino pamene khalidwe likuchokera pa malo amodzi kapena awiri a DNA. Kukoma, kuchuluka kwa zokolola ndi kupirira mchere wa m'nthaka zimachokera m'malo ambiri, ndipo zimafunabe kuti mtengo uyesedwe m'munda zaka ndi zaka.

Za mbande zanuzo, Bambo, zisamalireni, koma ngakhale yaikazi sidzabereka tende wofanana ndi amene munadya, poti bambo wake simukumudziwa. Vuto lina ndi mvula. Kuno kum'mwera kwa Africa tende amapsa cha mu February ndi March, ndipo amafuna dzuwa louma, n'chifukwa chake amalimidwa ku Namibia ndi ku Northern Cape. Kwathu nthawi imeneyo ndi dzinja, ndipo chinyezi chimang'amba zipatso n'kuziwoletsa. Ngati mukufuna munda wogulitsa, yambani mwakambirana ndi alangizi a zaulimi musanagule mbande zambiri.