Kusiyana kwa Arts Award ndi Artsmark

Mwafunsa ngati Arts Award ndi Artsmark ndi chinthu chimodzi. Ayi, n'zosiyana, ngakhale zonse zinayambira ku England. Artsmark ndi mphotho imene imaperekedwa kwa sukulu yonse imene yaika zaluso patsogolo, pomwe Arts Award, yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la mayeso la Trinity College London kuyambira 2005, imaperekedwa kwa wachinyamata payekha wosapitirira zaka 25.

Arts Award ili ndi magawo asanu, kuyambira Discover mpaka Gold. Mayeso olemba palibe. Wophunzira amasonkhanitsa umboni wa ntchito yake, monga zithunzi kapena makanema a sewero limene anachita, ndipo mlangizi wake amauunika. Kwa mwana wanu wokonda zisudzo, ndikuona kuti Arts Award ndiyo yoyenera, chifukwa satifiketi imakhala m'dzina lake.