Funsani Malume: Ndasochera katatu ku Joni

Malume,
Ndine mnyamata wa zaka 27, kwathu ndi ku Chinamwali, ku Zomba konko. Ndapeza ntchito yophika pa lesitilanti ina ku Randburg, koma ndikukhala ku Rosettenville, m'chipinda chomwe tikusonkherana lendi ndi mnzanga. Mwezi umodzi wokha ndachedwa kuntchito katatu chifukwa chokwera takisi (minibasi) yolakwika. Aneba sindikuwadziwa ngakhale mmodzi. Ndikaweruka ndimangodzitsekera n'kumaimbira foni amayi. Kodi ndidzazolowera, kapena ndingobwerako?
Wothedwa nzeru, Johannesburg

Mphwanga,
Usabwerere chifukwa cha takisi. Ine ndinakhalako zaka zisanu ku Turffontein, pafupi pomwepo, ndipo sabata yoyamba ndinkangoima pamsewu ngati chitsa, kudikira kondakitala woti akuwe monga amachitira pa depoti ya kuno: "Limbe! Limbe!" Kumeneko kondakitala kulibe. Chimalankhula ndi chala. Ukaloza m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, ukaloza pansi ndiye kuti ukutsikira chapafupi. Iweyo ufike kaye m'tauni, kenako ukakwere ya ku Randburg pa depoti ya matakisi ya Bree. Usanalowe funsa amene akuimitsa anthu pamzere, ngakhale kawiri. Paja safunsa anadya phula.

Ndipo mpando wakutsogolo uupewe kaye. Ine ndinaukhala mwaulemerero, ndikudziona ngati bwana. Posakhalitsa ndalama zinayamba kubwera kuchokera kumbuyo, mzere ndi mzere, zonse m'manja mwanga. Kani wokhala pambali pa dalaivala ndiye amawerengera ndi kubweza chenje! Ndinasokoneza, mayi wina anandikalipira m'Chizulu mpaka tinafika. Pofuna kutsika umangoti "after robot", dalaivala amaima mukangodutsa maroboti.

Tsiku lomwe sukugwira ntchito, dzuka nthawi yomwe umadzukira masiku onse, uyende njira yonseyo popanda bwana wokudikira. Uziyang'ana zizindikiro: filing'i siteshoni, tchalitchi, mlatho. Foni ikhale m'thumba ukamadutsa m'tauni. Sitima ya Gautrain ndi yaukhondo ndithu, koma siifika ku Randburg, komanso pa malipiro a wophika ingakudyere ndiwo.

Za aneba ndiye zimapweteka, ndikudziwa. Ku Chinamwali mchere ukatha umangotuma mwana khomo linalo. Uko ndi mipanda ndi mageti, munthu amalowa n'kukhoma. Usayembekezere kuti wina adzagogoda. Sankha kashopu kamodzi, zija amati spaza, uzigula buledi pomwepo tsiku lililonse, uzipereka moni: "Sawubona" kwa mmodzi, "Sanibonani" akakhala ambiri. Ine mwini spaza ndi amene anandiuza msewu wosayenera kudutsamo usiku, anandipezeranso chipinda chotchipa. Amalawi anzako uwapeza kutchalitchi kapena kumzikiti, ndipo usipa ndi matemba zimafika ndi mabasi ochokera kuno. Koma ukamangocheza ndi iwo okha, chaka chidzatha usakudziwa dzina la munthu wa khomo loyandikana nalo.

Gula jekete lolemera June asanafike. Kuzizira kwa ku Ku Chawe n'kwamasewera, uko madzi amachita kuuma panja m'mamawa, ndipo iwe uzikhala uli pamzere wa takisi kusanache. Amayi uziwaimbirabe, koma uziimba utabwerako ku spaza. Undilemberenso pakatha miyezi itatu, undiuze ngati wayamba kuwerengera chenje kutsogolo kuja.
Malume, Zomba