Kodi akatswiri a kaphunzitsidwe ka sayansi amafufuza chiyani, ndipo munthu amafikako bwanji?

Mphunzitsi wina wa fizikisi wa ku sekondale wanditumizira imelo. Akufuna kupitiriza maphunziro kuti adzagwire ntchito ku yunivesite, koma sakudziwa ngati azame mu fizikisi yeniyeniyo kapena alowe gawo la kaphunzitsidwe ka sayansi, ndipo akufunsanso zomwe akatswiri a gawoli amafufuza.

Aphunzitsi, ndiyamba ndi funso lachiwirilo chifukwa yankho lake ndi limene lingakuthandizeni kusankha. Ntchito yaikulu ya ofufuzawa ndi kumvetsa zomwe zimachitika m'mutu mwa wophunzira. Rosalind Driver wa ku yunivesite ya Leeds, amene anatsogolera kafukufuku wotere m'zaka za m'ma 1980, anaonetsa kuti ana amalowa m'kalasi ali kale ndi maganizo awoawo pa momwe zinthu zimayendera, ndipo maganizowo sachoka msanga ngakhale mphunzitsi afotokoze bwino chotani. Inunso muyenera kuti munazionapo: mwana wakhoza mayeso a malamulo a Newton, koma mukamuuza kuti ajambule mphamvu zomwe zili pa mpira woponyedwa m'mwamba, amajambula muvi wolozera kumwamba, n'kunena kuti ndi mphamvu ya dzanja imene idakali mumpirawo.

Mu 1992, David Hestenes ndi anzake anatulutsa mafunso otchedwa Force Concept Inventory oyezera maganizo amenewa, ndipo mu 1998 Richard Hake, ataunika zotsatira za ophunzira oposa 6,000, anapeza kuti m'makalasi momwe ophunzira amakambirana ndi kuyesa okha, kamvedwe kawo kanakwera pafupifupi kawiri poyerekeza ndi makalasi ongomvetsera mphunzitsi. Ofufuza ena amatsata mfundo ya Lee Shulman ya mu 1986, yoti kudziwa phunziro n'kosiyana ndi kudziwa zitsanzo zoyenera ndi malo omwe ophunzira amakakamira. Palinso ofufuza za chilankhulo chophunzitsira, za atsikana pa masamu ndi sayansi, komanso za mayeso oyerekeza mayiko monga TIMSS, omwe anayamba mu 1995.

Khomo lolowera si limodzi. Ena amachokera mu fizikisi yeniyeniyo, monga Carl Wieman amene analandira mphoto ya Nobel ya fizikisi mu 2001, ndipo mu 2002 anayambitsa PhET ku yunivesite ya Colorado Boulder, mapulogalamu apakompyuta oyeserera sayansi. Koma ambiri amachokera m'kalasi ngati inu, n'kuchita digiri ya masitazi, kenako PhD ya maphunziro. Akalembedwa ntchito ku yunivesite, kukwezedwa kwawo kumadalira kwambiri nkhani za kafukufuku zomwe asindikiza m'magazini a akatswiri, zimene akatswiri anzawo amayamba aziunika, komanso ophunzira a masitazi ndi PhD omwe awayang'anira mpaka kumaliza. Kuphunzitsa bwino kumawerengedwa, koma mwatsoka sikulemera mofanana ndi kusindikiza, ndipo ndi bwino mudziwiretu zimenezi.

Maganizo anga ndi oti ngati zomwe zimakusowetsani mtendere ndi mayankho olakwika omwe amabwerabe chaka ndi chaka, gawo la kaphunzitsidwe ndi lanu. Mudzafunika kuphunzira masamu ounikira zotsatira, luso lofunsa ana popanda kuwapatsa yankho m'kamwa, ndi kupempha chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, popeza mudzagwira ntchito ndi ana. Musanasankhe yunivesite, werengani nkhani ziwiri kapena zitatu za munthu amene angadzakuyang'anireni, ndipo pomulembera kalata tchulani funso limodzi lochokera m'kalasi mwanu lomwe mukufuna kulifufuza.