Mwana wanga amamvera nyimbo za rock zonena za mdima

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 16, amene ali mu Fomu 3, wayamba kukonda nyimbo za rock. Magetsi akazima madzulo amakhala yekha pakhonde akumvera nyimbo pafoni, ndipo nditamufunsa anati imene amaikonda kwambiri ndi ya gulu la Iron Maiden, yonena za kuopa mdima. Mwanayu ali wamng'ono sankatuluka usiku popanda womuperekeza, ngakhale kupita kuchimbudzi. Kodi nyimbo zotere sizimuwonjezera mantha, kapena kumukokera ku zoipa?
Mayi wa ku Chinamwali, Zomba

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, chifukwa magitala a nyimbozi amalira mwaukali ndipo zithunzi za pa zimbale zake zimaopsadi. Nyimbo imene mwana wanu akunena iyenera kuti ndi Fear of the Dark, imene gulu la ku London limeneli linatulutsa mu 1992, ndipo anailemba ndi Steve Harris, woimba gitala ya besi. M'nyimboyi mulibe kutamanda mizimu yoipa. Muli munthu wamkulu amene akuvomera poyera kuti akamayenda yekha usiku mtima umamugunda, poganiza kuti wina akumulondola kumbuyo, koma akacheuka sapeza munthu.

Ndani mwa ife sanamvepo zimenezi? Amene anatsikapo m'phiri la Zomba dzuwa litalowa, nkhungu itaphimba mitengo ya paini, amadziwa mmene chitsa chimasandukira munthu wonjuta. Ngakhale dzenje la Chingwe limaopsa kwambiri chifukwa chakuti maso saona pamene lathera, ndiye maganizo amadzazamo zawozawo.

Oimba a rock akhala akuimba za mantha amenewa kuyambira kale. Gulu la Black Sabbath la ku Birmingham, limene linatulutsa chimbale choyamba mu 1970, linaona kuti anthu amalipira ndalama kukaonera mafilimu oopsa, ndipo linaganiza zochita chimodzimodzi ndi nyimbo. Ine sindiona kusiyana kwakukulu ndi agogo athu, amene ankasimba nthano za afisi ndi zilombo usiku pamoto, ana titathithikana, tikuyankha kuti "tili tonse". Mawu awiri amenewo ndiwo ankachepetsa mantha. N'chimodzimodzinso pamene Iron Maiden ikuimba nyimboyi pabwalo: khamu la anthu zikwizikwi limaimbira limodzi, aliyense n'kuzindikira kuti sali yekha poopa.

Taonani, mwana amene kale sankatuluka usiku lero akukhala pakhonde mumdima. Musamulande foni, Mayi. Khalani naye tsiku lina, mumupemphe akumasulireni mawu a nyimbozo m'Chichewa, popeza si zonse za rock zimene zili ndi mawu oyenera mwana, ndipo mumuuze achepetse phokoso kuti asawononge makutu. Koma mukaona kuti sakugona, wasiya kucheza ndi anzake, kapena akulankhula zofuna kufa, musadikire ayi, pitani naye kwa achipatala.