Chifukwa chake Caroline Henderson sanathawe fumbi

Achemwali, mwafunsa kuti ngati fumbi linkalowa mpaka m'mbale, bwanji mayi Caroline Henderson, mlimi wa ku America pa nthawi ya chilala ndi mphepo za fumbi za m'ma 1930, sanangolongedza n'kupita ku California ngati anzawo.

Mundawo unali wawowawo. Anafika ku Texas County, m'chigawo cha Oklahoma, mu 1907 ali mbeta, mphunzitsi wodutsa ku koleji ya Mount Holyoke, n'kutenga malo amene boma linkapereka kwa wolonjeza kukhalapo ndi kulima. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi Will Henderson. Pomwe chilala cha m'ma 1930 chinkafika n'kuti atakhetserapo thukuta zaka zoposa 20. Ambiri mwa osamukawo anali olima minda ya eni, choncho analibe chowagwira mwendo. Komanso tirigu atatsika mtengo kwambiri pa nthawiyo, ndani akanagula munda wokwiririka ndi mchenga?

Musaganize kuti ankadzinamiza. Makalata awo, ena mwa iwo anatuluka m'magazini ya Atlantic Monthly mu 1936, amanena poyera za kumanga mipango kumaso, kupaka Vaseline m'mphuno, ndi kusesa dothi m'nyumba lero, mawa labweranso. Chimphepo cha pa 14 Epulo 1935 chinadetsa masana kuti bii.

Ine chimandigwira mtima n'chakuti sankangodandaula mvula. Vuto linakula chifukwa mathirakitala anagaula udzu wachilengedwe umene unkagwira nthaka, ndipo mayiwa anakhulupirira kuti nthakayo ingachire. Boma litakhazikitsa bungwe losamalira nthaka la Soil Conservation Service mu 1935, anagwirizana ndi zolima mopingasa potsetsereka kuti madzi asathawe. Anakhalabe pamundapo mpaka ukalamba, ndipo anamwalira mu 1966.