Amalume, za dry ice zija

Amalume, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva masana omwe, kungoti manja anali girizi yekhayekha, ndiye ndati ndiyambe ndasamba. Mwati kugalaja akufuna atsuke kunsi kwa galimoto yanu ndi dry ice, akuti dzimbiri lonse lichoka ndipo silidzabweranso, ndiye mukufunsa ngati mulole. Ndikuyankha pagulu pompano kuti achimwene nawonso amve, paja anafunsapo zomwezi.

Kutsukako lolani ndithu, ndi njira yabwino kwabasi. Koma mawu akuti dzimbiri silidzabweranso ajawo, amenewo musawatenge.

Dry ice si madzi oundana a mufiriji ayi. Ndi mpweya wa carbon dioxide umene auziziritsa mpaka kuuma gwa, ndipo kuzizira kwake kumafika madigiri 78 pansi pa ziro. Amaudula timibulu ting'onoting'ono, tambiri timakhala ta mamilimita atatu, n'kutithira m'makina olumikizidwa ku kompresa. Mphepo ya kompresa ija ndi imene imatiwombera pachitsulo kudzera m'payipi. Tsono kambulu kaja kakagunda sikasungunuka n'kukhala madzi. Kamasanduka mpweya pomwepo, n'kufufuma kuposa maulendo 700. Mwaona? Kuzizira kuja kumaumitsa matope, girizi ndi phula lakale lija amapaka kunsi kwa galimoto mpaka zimang'aluka, ndiye mpweya uja umalowa m'ming'alumo n'kuzitukula kuchoka pachitsulo.

Tsiku loyamba kuona ntchito imeneyi ndinaima n'kumangoyang'anitsitsa. Galimoto ataikweza, mnzanga akuyendetsa payipi pang'onopang'ono, ndipo paliponse pamene wadutsa pamatsala mzere woyera ngati wapukuta ndi nsalu. Pansi pamangogwa tizibenthu takuda, touma, toti mungosesa. Madzi palibe, mchenga palibe. Mitu ya mabauti imene inakwiririka zaka zambiri inaonekera, mpaka timanambala take kumawerengeka. Ubwino wake ndi umenewo, amalume. Mukatsuka ndi madzi amphamvu, madzi amalowa m'malumikiziro a mawaya ndi m'makona n'kukhala momwemo. Mukawombera mchenga, umakanda chitsulo ndiponso umalowa m'mabering'i. Dry ice ndi wofewa, sakanda chitsulo, ndipo munthu wodziwa ntchito akachepetsa mphamvu ya mphepo amadutsa bwinobwino pafupi ndi mawaya, marabala ndi mapayipi a mabuleki.

Koma kufewa komweko ndiye malire ake. Dzimbiri la pamwamba, lija lofundukafunduka, amaligwetsa. Limene ladya n'kulowa m'kati mwa chitsulo, ilo salitha. Limatsala pomwepo, kungoti tsopano likuonekera poyera. Pamenepo pamafunika burashi ya waya kapena girayinda, kenako mankhwala opha dzimbiri, ndipo pamene pabooka palibe kuchitira mwina, adule awotcherere chitsulo china.

Ndikuuzeni za galimoto ina imene tinailandira. Kunsi kwake kunali bii, phula lokhalokha, kumaoneka ngati kolimba. Titawombera cha kumbuyo, pafupi ndi tayala, phula linagwa chigamba chonse ndipo pansi pake chitsulo chinali chofiira, chofumbwa. Ndinangokankha ndi sikuludiraiva, yonse n'kulowa. Mwini wake anakhumudwa kwambiri, ankaganiza kuti makina athu ndi amene aboola. Tinamuonetsa chigamba cha phula chija, kuseri kwake kutamatirira dzimbiri. Phula lija litakalamba linang'aluka, madzi n'kumalowa, osatulukanso, n'kumadya chitsulo mwakachetechete. Zoterezi zimachuluka pa magalimoto amene anayendapo kumayiko ozizira kumene amathira mchere m'misewu, kapena amene akhala nthawi yaitali m'mbali mwa nyanja ya mchere. Ndiye inunso konzekani mtima, mwina muona zimene simumayembekezera, komabe kuli bwino muzione lero zisanafike pa chasisi.

Tsono mfundo imene ndikufuna muigwire ndi iyi: dry ice amangoyeretsa basi, kuteteza sateteza. Akamaliza, chitsulo chimatsala pamtunda, nthawi zina chopanda ngakhale chophimba chakale chija. Komanso poti chazizira kwambiri, chimagwira chinyezi ngati mame. Choncho chiyambe chauma bwinobwino, akonze malo a dzimbiri aja, apake penti yoyamba pamene chitsulo chili mbee, kenako apopere chotetezera. Ena amapopera wax, ena mafuta a lanolin, aja ochokera ku ubweya wa nkhosa. Ine ndimakonda zoterezi chifukwa siziuma gwa, zimayenderera n'kulowa m'timipata, ndiponso zambiri mwa izo chitsulo chimaonekerabe, ndiye dzimbiri likayambanso mumaliona msanga. Kuipa kwa lanolin n'koti amakokoloka pang'onopang'ono, amafuna kubwerezedwa pafupifupi chaka ndi chaka. Muwauzenso apopere m'kati mwa chasisi ndi m'munsi mwa zitseko kudzera m'timabowo tija, chifukwa dry ice safika m'menemo, pomwe dzimbiri lambiri limayambira m'kati n'kumatulukira kunja. Pa ekizozi ndi pa mabuleki asapoperepo. Ndipo chonde, musalole munthu akupakireni phula lakuda pamwamba pa dzimbiri kuti pangooneka bwino. Kumeneko n'kukwirira matenda.

Ngati mukaonerera, muime patali. Phokoso lake ndi loboola m'makutu, wogwira ntchitoyo ayenera kutseka makutu, kuvala magalasi ndi magolovesi. Musatole kambulu ndi dzanja, kamawotcha khungu ngati moto. Malowo akhale opita mphepo, chifukwa mpweya umenewu sununkha, suoneka, ndipo ndi wolemera kuposa umene timapuma, ndiye umadzaza pansi. Munthu amene ali m'dzenje lokonzera magalimoto akhoza kukomoka osadziwa chamuchitikira. Izi ndikunena motsindika chifukwa ndimakudziwani, mumakonda kutsikira m'dzenje kuti muone nokha. Dry ice wotsala musatengere ana kunyumba ayi. Mukatsekera m'botolo limaphulika, ndipo m'galimoto yotseka mawindo ndi woopsa.

Ndiye mukapita muwafunse kuti akatsuka apopera chiyani, ndipo kodi zili pamtengo womwewo kapena n'zapadera. Muwauze kuti akamaliza kutsuka aime kaye, asapake kalikonse inu musanaone. Mujambule bwinobwino cha kumatayala akumbuyo, pomangirira masipuling'i ndi pamene pamadutsa mapayipi a mabuleki, munditumizire pompano ndione tisanagwirizane chopopera. Mupereke moni kwa azakhali.